Supuni ya Agogo ndi Ziwiya Zokutidwa ndi Siliva za ku France

Ndapempha malo m'magazini yathu ino kuti ndikuuzeni za ziwiya zodyera za ku France zimene zimakutidwa ndi siliva, ndiponso za anthu amene amazifunafuna ndi kuzisunga monga chuma. Kapena ena a inu mudabwa kuti mwana wa sukulu wodya nsima ya nyemba m'mbale ya pulasitiki wazidziwira kuti zinthu zotere. Musafulumire kundiseka, pakuti nkhaniyi inandipeza yokha, ndipo inadza ndi supuni imodzi.

Malemu agogo anga aamuna anagwira ntchito ya ukhukhi zaka zambiri kwa ansembe a ku France pa mishoni ina ya kwathu. Paja ansembe a chipani cha Montfort, chimene kwawo ndi ku France, anayamba ntchito yawo m'dziko muno pa Nzama mu 1901. Pamene bambo wansembe wina wokalamba anali kubwerera kwawo, anawasiyira agogo supuni yaikulu yolemera bwino, nati ikhale chikumbutso. Kuyambira pamenepo banja lathu lonse linkaitchula kuti "supuni ya siliva", ndipo inkakhala pansi pa bokosi la zovala, yokulungidwa m'kansalu. Tsono tchuthi chapitachi ndalama za fizi zinaperewera. Usiku woti ndinyamuka mawa lake amayi anaitulutsa, nati, "Mwana wanga, tenga iyi ukafunse kwa aphunzitsi ako ngati ndi siliva weniweni. Ikakhala yotero tikaigulitsa m'tauni kuti ngongole ya kusukulu ithe."

Sabata yoyamba ya teremu ndinapita nayo kwa aphunzitsi athu a sayansi. Iwo anaiika pa sikelo ya m'labotale, ndipo inalemera magalamu 78. Mtima wanga unadumpha, popeza ndinali nditayamba kale kuwerengera ndalama m'mutu. Mnzanga wina anathamangira maginito, nati ikapanda kugwira ndiye kuti ndi siliva. Sinagwiredi, koma aphunzitsi anatiuza kuti mayeso amenewo ndi achabe, chifukwa mkuwa nawonso sugwidwa ndi maginito. Pomwepo anatenga galasi lokuza zinthu, nayang'ana m'kati mwa supuni chakufupi ndi chogwirira, natiitana mmodzimmodzi kuti tione tizidindo titatu tating'ono ngati njere za mpunga. Kena kanali ndi dzina lakuti CHRISTOFLE, kena kanali ndi chithunzi cha sikelo pakati pa zilembo ziwiri C ndi C, ndipo kachitatu kanali ndi nambala 84.

"Supuni iyi si ya siliva," iwo anatero, "yangovala malaya a siliva. Pita ukafufuze tanthauzo la 84, ndipo ukadziwa udzandiuze." Ndinakhala masabata atatu ndikufufuza m'laibulale, ndipo zimene ndinapeza ndi izi.

Thupi la supuni yotere ndi chitsulo chosakaniza mkuwa, zinki ndi nikelo. Afalansa amachitcha maillechort, dzina lolumikiza maina a amisiri awiri a mumzinda wa Lyon amene anachipanga. Angerezi amachitcha nickel silver, chinkana mulibe siliva ndi pang'ono pomwe, ndipo mukaona zilembo EPNS kuseri kwa foloko kapena tiipoti, dziwani kuti ndi chitsulo chomwechi chokutidwa ndi siliva. Chitsulochi n'cholimba, ndiponso n'choyererapo, kotero kuti malaya ake akayamba kuperepeseka sichichititsa manyazi msanga.

Kakutidwe kake ndi phunziro lathu lomwe lija la electrolysis limene ambiri a ife timaodzera nalo masana. Mmisiri amayamba watsuka supuni kufikira isatsale ndi mafuta ngakhale a chala. Atatero amaipachika m'thanki ya madzi m'mene asungunulamo mchere wa siliva pamodzi ndi cyanide, mankhwala amene ndi poizoni woopsa ndithu. M'madzi momwemo amapachikamonso chidutswa cha siliva weniweni. Supuni amailumikiza ku waya wa negetivu, chidutswa cha siliva ku waya wa pozitivu, nayatsa magetsi. Pamenepo siliva wa m'madzi amayamba kukhazikika pa supuni pang'onopang'ono, uku chidutswa chija chikudyeka ndi kubwezera m'madzi siliva amene wachokamo. Michael Faraday wa ku London ndiye anapeza lamulo lake m'zaka za m'ma 1830, lakuti kuchuluka kwa chitsulo chokhazikika kumatsata kuchuluka kwa magetsi amene adutsa. Mphamvu ya ampere imodzi ikayenda ola lathunthu imasiya siliva wokwana pafupifupi magalamu 4. Motero mmisiri sachita kuganizira. Amadziwiratu kuti waika siliva wochuluka bwanji, ndipo akhoza kudinda nambala yake pa chiwiyacho popanda kunama.

Apa ndiye pagona tanthauzo la 84. Ine poyamba ndinayesa kuti ndi chaka cha 1884, ndipo ndinauza anzanga a m'hositelo motero monyada. Si chaka ayi. Nambalayi imanena kuti mmisiri anagwiritsa ntchito magalamu 84 a siliva pokuta masupuni 12 ndi mafoloko 12 pamodzi. Gawani 84 ndi 24, mupeza 3.5. Ndiye kuti pa magalamu 78 a supuni ya agogo, siliva analipo magalamu 3.5 okha pa tsiku limene inatuluka m'fakitale, ndipo lero ndi wochepera pamenepo. Siliva ameneyu wayalidwa mopyapyala kuposa tsitsi la munthu. Nditamaliza samu imeneyi ndinakhala chete nthawi yaitali, ndikuganiza za amayi.

Njira ya magetsiyi isanadze anthu ankavutika nazo zinthu izi. Ku Sheffield munthu wina dzina lake Thomas Boulsover anapeza, cha m'ma 1743, njira yomatira chipepala cha siliva pa mkuwa ndi moto. Okuta ndi golide ndiwo anali pa tsoka lalikulu, pakuti ankasakaniza golide ndi mercury, napaka pa chiwiya, nachiotcha kuti mercury auluke. Utsi wake unkawalowa m'thupi. Manja ankayamba kunjenjemera, mano kuguluka, ndipo ambiri ankafa asanakalambe. Mu 1840 George ndi Henry Elkington a ku Birmingham analandira chikalata cha boma chowapatsa umwini wa njira yokutira ndi magetsi, ndipo ku France Henri de Ruolz anali kuyesa zomwezo. Charles Christofle, mmisiri wa mphete ndi mikanda ya golide ku Paris, amene anayamba kampani yake mu 1830, anaona patali. Mu 1842 anagula ufulu wogwiritsa ntchito njira zimenezi m'dziko la France, ndipo posakhalitsa anamanga fakitale. Dzina la Ruolz linasanduka liwu wamba m'Chifalansa, lotanthauza chiwiya chongokutidwa, koma chuma ndi mbiri zinapita kwa Christofle.

Munthu wosonkhanitsa ziwiya izi amayamba waphunzira kuwerenga zidindo, monga ife tinayambira a e i o u. Boma la France ndi lokhwima pa nkhani imeneyi. Kuyambira mu 1838 chiwiya cha siliva weniweni chimadindidwa mutu wa mkazi wovala chisoti cha nkhondo, ndiye Minerva, mulungu wamkazi wa Aroma akale. Pambali pa mutuwo pakakhala nambala 1, pa ziwiya zakale, ndiye kuti magawo 950 mwa 1000 ndi siliva. Pakakhala 2 ndiye kuti ndi magawo 800. Mu 1973 muyeso woyambawo unatsitsidwa kufika pa 925. Mmisiri nayenso amadinda chizindikiro chake, ndipo pa siliva weniweni chimakhala m'kabokosi kooneka ngati daimondi wa pa makhadi a juga. Pa ziwiya zongokutidwa mutu wa Minerva supezeka konse, ndipo chizindikiro cha mmisiri chimakhala m'kabokosi ka mbali zinayi zofanana. Ndi diso lokha, tsono, munthu wodziwa amasiyanitsa ziwirizi asanafunse ndi mtengo womwe. Chidindo chimanenanso zaka. Kampani ya Christofle inkadinda sikelo ija ndi zilembo C C kufikira mu 1935, pamene inasintha niyamba kudinda mutu wa kavalo wa masewera a chess ndi zilembo O C. Apa ndinatolapo kanthu kosangalatsa: supuni ya agogo inapangidwa chisanafike chaka cha 1935, ndiye kuti inali kale nkhalamba pamene inkafika m'manja mwawo.

Koma funso limene linandisowetsa tulo ndi ili: ngati siliva wake ndi wochepa chotere, n'chifukwa ninji anthu a ku Paris, London ndi New York amapikisana mitengo pa ziwiya izi ku okushoni, nazisunga m'makabati a magalasi? Yankho limene ndinapeza linandidabwitsa, ndipo ndilo landichititsa kulemba nkhaniyi. Ziwiya zokutidwa zakhalitsa chifukwa cha umphawi wake womwewo.

Taonani zimene zinkachitikira siliva weniweni. Mfumu Louis XIV inali ndi matebulo, mipando, zoikapo makandulo ndi miphika ya maluwa, zonse za siliva, m'nyumba yake yachifumu ku Versailles. Amisiri opambana a m'dzikomo anataya zaka zambiri pozisula. Mu 1689 nkhondo inadya chuma cha boma, ndipo mfumuyo inalamula kuti zonsezo zipite kosulira ndalama zikasungunulidwe kuti asilikali alipidwe. Ndalama zimene zinatulukamo zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zinalowa pozipanga, pakuti moto sulipira luso la mmisiri, umangowerenga kulemera. Zomwezi zinachitikanso mu 1709, ndiponso mu 1759 m'nthawi ya Louis XV, ndipo anthu olemera anauzidwa kuti apereke mbale zawo. Chipolowe chachikulu chimene chinayamba mu 1789 chinatha zambiri mwa zotsala. N'chifukwa chake siliva wakale wa ku France ndi wosowa lero, ndipo zina mwa ziwiya zokongola koposa zimapezeka kunja, monga ku Portugal ndi ku Russia, kumene mafumu ake anaitanitsa kwa amisiri a ku Paris. Ngakhale m'zaka za makolo athu zinachitikanso: mu Januwale 1980 mtengo wa siliva unakwera kufika pafupifupi madola 50 pa aunsi imodzi, ndipo mabanja ambiri ku Ulaya ndi ku America anathamangira kukagulitsa masupuni a makolo awo kwa osungunula.

Supuni yokutidwa palibe amene amaiponya m'ng'anjo, chifukwa makala ake angadye ndalama zoposa siliva wotulukamo. Nkhondo ikadza imasiyidwa m'kabati, njala ikadza wogula amaikana. Motero imapita kwa mwana, nipitanso kwa mdzukulu, maluwa ake ndi mizere yake zili momwemo.

Mfumu Napoleon III, imene inalamulira France kuyambira 1852 kufikira 1870, inaitanitsa kwa Christofle ziwiya za pa madyerero a m'nyumba yachifumu ya Tuileries, ndipo inasankha zokutidwa. Pakati pa tebulo la anthu 100 pankakhala chokongoletsa chachikulu cha zifanizo zambiri: mkazi woimira dziko la France akugawa nkhata za ulemu, mbali ina gareta la nkhondo lokokedwa ndi akavalo, mbali ina gareta la mtendere lokokedwa ndi ng'ombe. Anthu anachiona pa chionetsero chachikulu cha ku Paris mu 1855. Mu Meyi 1871, pa nkhondo ya pachiweniweni ya mumzinda wa Paris, nyumba ya Tuileries inatenthedwa. Chokongoletsacho anachifukula m'phulusa chitada ndi moto, ndipo chimasungidwa ku Musée des Arts Décoratifs ku Paris ndi zipsera zake zomwezo. Ndinayang'ana chithunzi chake nthawi yaitali. Kwa ine akavalo opserera aja ndi okongola kuposa akanakhala onyezimira, koma mnzanga amene tinali naye anati ndayamba misala ya mabuku.

Magetsi omwewo ankapanganso zinthu zazikulu zokongoletsa mizinda. Henri Bouilhet, mphwake wa Christofle, anakonza njira yokhazikitsa mkuwa wochindikala m'chikombole kufikira utasanduka chifanizo chathunthu. Zifanizo ziwiri zagolide zimene zili pamwamba pa nyumba ya zisudzo ya Opéra ku Paris zinapangidwa motero, ndiponso chifanizo cha Maria Virigo cha pa tchalitchi cha Notre-Dame de la Garde ku Marseille, chotalika mamita 11, chimene chinaimikidwa mu 1870. Panalinso makampani ena. Ina yotchedwa Ercuis inayambidwa mu 1867 ndi wansembe wa m'mudzi wa dzina lomwelo.

Osonkhanitsa sakonda zinthu zofanana. Ena amalondola mtundu umodzi wa kakongoletsedwe, pakuti uliwonse uli ndi dzina lake, monga Marly wa masamba opotana, Perles wa timikanda m'mphepete ndi Chinon wa mizere iwiri yokha. Ndipo munthu akhoza kutha zaka akusakasaka mafoloko awiri otsala kuti bokosi lake la 12 likwane. Ena amafuna za m'mahotela, za m'sitima za pamtunda ndi za pamadzi, chifukwa zimakhala ndi chizindikiro cha mwini wake. Zofunidwa kwambiri ndi za sitima yapamadzi yotchedwa Normandie, imene inayamba ulendo wa pakati pa Le Havre ndi New York mu 1935, nipsa ndi moto pa doko la New York mu Febuluwale 1942. Luc Lanel ndiye anajambula maonekedwe a ziwiya zake, osalala ndi opanda maluwa. Tiipoti ya m'sitima imeneyo ndi chitsulo chokutidwa monga supuni ya agogo, koma anthu amailipira ndalama zambiri chifukwa cha kumene inayenda. Supuni imodzi yokha yopanda anzake, ya mtundu wamba, imene inapangidwa miyandamiyanda, mtengo wake ndi wochepa ngakhale ku France komweko. Mawu amenewa anandiwawa, koma ndi oona.

Chinanso chimene wogula amayang'anitsitsa ndi malo amene chiwiya chimakhudza tebulo, monga kumsana kwa supuni ndi kunsonga za mano a foloko, pakuti m'menemo ndi m'mene siliva amayambira kutha. Apa ndiyenera kuulula mlandu wanga. Usiku umene amayi anandipatsa supuni ija inali yakuda bii. Ine pofuna kuti aphunzitsi akaione yowala, ndinatenga phulusa ndi mchenga, ndi kuikwecha monga timachitira ndi poto wa nsima. Inawaladi, koma kumsana kwake kunatuluka banga lachikasu pang'ono la ukulu wa chikhadabo. Aphunzitsi ataliona anapukusa mutu, nati, "Iwe, pa mphindi khumi wachotsa siliva amene anapirira zaka pafupifupi 100."

Kuda kwa siliva si litsiro ayi, ndipo si dzimbiri. Mumpweya muli sulufule pang'ono, ndipo akakumana ndi siliva amapanga kachikopa kakuda kotchedwa silver sulphide. Mazira ali ndi sulufule wambiri. N'chifukwa chake supuni yodyera dzira imada msanga. Wokwecha amachotsa kachikopako pamodzi ndi siliva amene ali m'menemo. Aphunzitsi anationetsa njira yabwino. Anayala pepala la aluminiyamu m'beseni, nathiramo madzi otentha ndi soda wophikira, naika supuni mokhudza pepalalo. Posachedwa tinamva kafungo ka dzira loola, ndipo kuda kumene kunatsalira m'mizere ya chogwirira kunayamba kuyera tikuona. Sulufule anachoka, siliva natsala pamalo pake. Komabe osonkhanitsa ena saikonda njira imeneyi pa ziwiya zamaluwa, chifukwa amafuna kuti m'mizere mukhale modera kuti maluwawo aoneke; iwo amangopukuta ndi kansalu kofewa. Chiwiya choperepeseka chikhoza kukutidwanso kachiwiri, koma pochisalaza mmisiri amafafaniza mizere ndi zidindo, ndipo odziwa amachizindikira.

Nditamuuza zonsezi mnzanga wa bedi loyandikana nalo, iye anati ndingokhala chete, amayi akaigulitse kwa munthu wosadziwa zidindo monga siliva weniweni. Sindikana, maganizo amenewo anandizungulira m'mutu usiku umodzi. M'mawa mwake ndinabwereka foni kwa aphunzitsi oyang'anira hositelo, ndi kuwauza amayi zonse: za magalamu 3.5, za chaka cha 1935, ndi za banga limene ndinapanga. Anakhala chete pang'ono, kenaka anaseka, nati, "Agogo akowo ankadziwa. Ankati bambo aja analibe ndi nsapato zabwino zomwe, siliva akanamutenga kuti?" Pa za bangalo sanaseke. Sabata yotsatira anagulitsa mbuzi yaikazi imene ankaisungira Khirisimasi, ndipo ngongole ya fizi inatha.

Supuniyo ili m'sutikesi mwanga kufikira tsiku lotsekera, yokulungidwa m'kansalu kake komwe kaja. Amene afuna kuona sikelo ndi nambala 84 andipeze Loweruka tikatha kuchapa, koma ayambe wapempha galasi lokuza zinthu ku labotale, pakuti ndi maso okha mnzanga wina anaumirira kuti sikeloyo ndi gulugufe.